Kansomba ka masentimita 10 kamene kanandizulira dimba la m'madzi

M'mawa wina mu June, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Zomba, ndinalowa pabalaza n'kupeza zomera za m'thanki yanga ya nsomba zili yandaa pamwamba pa madzi, mizu yake yoyera ili pamtunda. Madzi anali atavunduka ngati a mu Likangala mvula ikagwa kuphiri. Pansi, pamene ndinabzala timaudzu ta m'madzi kamodzikamodzi kwa masiku atatu, panagona nsomba imodzi yokha, phee, yotalika ngati kuchokera pachigongono panga kufika pachikhatho. Aka kanali kachitatu mwezi womwewo. Mayi akunyumba anaima pakhomo lolowera kukhitchini, ketulo ili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi nsomba imeneyi ndi zomerazi zingakhaledi pamodzi? Mukuvutikatu."

Funso limeneli ndinayenda nalo miyezi yambiri. Lero nditha kuyankha kuti inde, nsomba imeneyi, yotchedwa bichir, ndi zomera zimakhala pamodzi bwinobwino, koma nkhani yonse imathera pa tsiku logula, pamene mukusankha mtundu wa bichir. Ine ndinalakwitsa tsiku limenelo, ndipo zina zonse zimene ndinkayesa pambuyo pake zinali kungothira madzi m'dengu.

Kwa amene simunaionepo, bichir si nsomba ya kuno kwathu. Mu nyanja ya Malawi mulibe, ku Chilwa kulibe. Kwawo ndi mu mtsinje wa Nile, mu Congo ndi mitsinje yothira mmenemo, kumadzulo kwa Africa, ku nyanja ya Chad, ndipo mitundu ina imapezeka mu Tanganyika. Akatswiri amaitcha Polypterus, kutanthauza ya zipsepse zambiri, chifukwa pamsana pake pali tizipsepse tondondozana ngati mano a macheka, timene imatidzutsa ikakwiya kapena ikadzidzimuka. Mamba ake ndi olimba gwa, olumikizana ngati matailosi apansi. Ili ndi mapapo awiri enieni, choncho pakapita kanthawi imakwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kubwerera pansi. Ife a kuno sitidabwa kwambiri ndi nsomba yopuma mpweya wa kunja, poti mlamba timaudziwa, koma mlamba umapumira kachiwalo ka m'mutu, pamene iyi imapuma ndi mapapo. Maso ake saona bwino. Imayendera fungo, ndi timphuno tiwiri totuluka kutsogolo ngati timapaipi. Alendo akabwera kunyumba kwathu ku Matawale, ena amati ndi mkunga, ndipo apongozi anga aakazi mpaka lero amakhala mpando wakutali ndi thanki chifukwa amati nsomba siiyenda ndi manja.

Yanga yoyamba ndinaigula ku Blantyre kwa munthu wina wogulitsa nsomba zoweta m'magalasi. Kanali kakang'ono, masentimita 10, kamizere yakuda yopingasa pathupi lotuwa, ndipo m'mbali mwa mutu kanali kakadali ndi tinthenga tofewa timene ana a bichir amapumira asanakule. Ndinakakonda nditangokaona. Ndinafunsa kuti kamakula bwanji, ndipo wogulitsayo anati, "Achimwene, imeneyi ndi delhezi, siipitirira rula ya kusukulu kwenikweni." Sindikhulupirira kuti ankafuna kundinamiza. Ndikuganiza kuti nayenso anauzidwa choncho ndi amene anamutumizira. Ndinabwera nako pa minibasi, kali m'jumbo ya madzi, jumboyo ili m'ndowa, ndowayo ili pamiyendo panga, kudutsa Namadzi ndi Thondwe ndikungosuzumira ngati kakupuma.

Thanki yanga ndi ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu, madzi ake pafupifupi malita 240. Kwa delhezi, mtundu wa bichir wosakula kwambiri, thanki imeneyi ndi nyumba yabwino. Koma patatha chaka kansomba kaja kanali katadutsa masentimita 30, thupi likunenepa ngati dzanja la mwana, ndipo panalibe chizindikiro choti kasiya kukula. Nditayerekeza ndi zithunzi pa intaneti ndinazindikira kuti ndikuweta endlicheri, mtundu umene umafika masentimita 60 ngakhale kupitirira.

Zikakhala zazing'ono, delhezi ndi endlicheri zimafanana ndithu, poti zonse zili ndi mizere yakuda. Kusiyana kwake kuli pakamwa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna aliyense wofuna kugula bichir amvetsetse. Musaiyang'ane muli chiimire. Gwadani, maso anu alingane ndi galasi, muione cham'mbali. Ngati nsagwada yapansi yatulukira kutsogolo kuposa yam'mwamba, ngati munthu wotulutsa chibwano, imeneyo ndi ya gulu la zikuluzikulu: endlicheri, congicus, lapradei, ansorgii, ndi Polypterus bichir mwini dzina wa ku Nile. Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, mutu wake ndi wophwatalala ngati wa mlamba, maso ali chapamwamba. Congicus imayandikira mita yathunthu. Koma ngati nsagwada yam'mwamba ndi imene yatsogola pang'ono, kapena ziwirizo zalingana, ndipo mutu ndi wobulungira, ndiye kuti muli pa gulu la senegalus, delhezi, palmas, polli ndi retropinnis, limene zambiri zake zimathera cha m'ma 30 mpaka 40 masentimita. Muwerengenso tizipsepse tapamsana. Senegalus imakhala nato pakati pa 8 ndi 11, pamene za nsagwada yapansi zimakhala nato tambiri. Ndikanagwada tsiku lija ku Blantyre, ndikanaona chibwanocho, chifukwa ngakhale pa zithunzi zimene ndinajambula sabata yoyamba chikuonekeratu.

Pagulu la nsagwada yam'mwamba pali imodzi yoti musamale nayo, ornatipinnis. Ndi yokongola kuposa zonse zimene ndinaonapo, yakuda yamawangamawanga achikasu, zipsepse zake ngati nsalu yojambulidwa ndi dzanja, ndipo ndi imene anthu ambiri amaithamangira. Koma imeneyo imafika masentimita 60. M'thanki ngati yanga siingakhale.

Bichir siidya zomera ayi, ndi nsomba yodya nyama basi. Chimene chimawononga dimba ndi kulemera kwa thupi lake ndi makhalidwe ake. Imakhala pansi, ikuyenda ndi zipsepse zam'mbali zija ngati ikukwawa, ndipo ikamva fungo la chakudya imalowetsa mutu paliponse, pansi pa mwala, pakati pa mizu, n'kukankha ndi thupi lonse. Ikadzidzimuka, kaya chitseko chamenyeka kapena wina wayatsa getsi mwadzidzidzi, imapinda thupi n'kumenya mchira kamodzi kokha, ndipo chomera chilichonse chosakhazikika chimazuka. Ya masentimita 25 ikachita zimenezi masamba amangogwedezeka. Ya masentimita 40, yonenepa, imasuntha ndi miyala yomwe. Onjezanipo kuti nsomba yaikulu imadya kwambiri n'kutulutsa zonyansa zambiri, ndere zimayamba kumera pamasamba, zomera n'kumafooka ngakhale zosazulidwazo.

Endlicheri ija ndinaikonda, ndipo kuichotsa kunandiwawa. Inkandidziwa. Ndikayandikira thanki madzulo inkatuluka pansi pa chitsa chake n'kudzatsamira pagalasi. Mlamu wanga atandiona ndikuvutika anati, "Alamu, bwanji osangokaiponya mumtsinje ikadzionere yokha?" Ananena ndi mtima wabwino, koma ndinakana, ndipo ndikupempha aliyense amene nsomba yachilendo yamukulira asachite zimenezi. Mulunguzi amathira mu Likangala, Likangala amathira mu Chilwa, ndipo Chilwa ndi amene amadyetsa mabanja a ku Kachulu ndi ku Chisi ndi matemba, makumba ndi milamba. Nsomba yodya zinzake, yopirira madzi amatope opanda mpweya, si yoti munthu aiyeserere m'madambo ngati amenewo. Dziko lathu linaletsa ngakhale kuweta nsomba ya carp m'madera amene madzi ake amathira mu nyanja ya Malawi pofuna kuteteza nsomba zathu, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 limafuna chilolezo pankhani yosamutsa nsomba zamoyo kupita nazo m'madzi ena. Kuno ku Zomba tili ndi mwayi kuti akatswiri a za ulimi wa nsomba ali pafupi, ku Domasi, choncho wofuna kuitanitsa nsomba kunja ali ndi kokafunsa asanatumize ndalama. Yangayo ndinaisunga miyezi ina inayi mpaka nditapeza bambo wina wa ku Blantyre amene ali ndi thanki ya mamita awiri, yopanda chomera n'chimodzi chomwe, mchenga ndi zitsa zokha. Kumeneko ndiye kwake.

Nditayambiranso, ndinasankha senegalus ziwiri. Pamaso si yochititsa kaso, ndi yotuwa mobiriwirako, mimba yoyera, yopanda mizere ikakula, ngakhale ilipo ina yoyera ya maso ofiira. Koma kwa munthu wofuna thanki ya zomera, ine sindinaone yoiposa. M'thanki kawirikawiri imathera pa masentimita 25 mpaka 30, thupi lake ndi lowonda, ndipo mosiyana ndi anzake ambiri amene amabisala mpaka mdima, iyi imayendayenda ngakhale masana. Imakwera m'masamba, kugona pa tsamba lalikulu ngati pamphasa, mchira uli lende. Ndi yopirira, ndiponso ndi imene imapezeka mosavuta chifukwa imaswetsedwa kwambiri m'mafamu a nsomba. Patapita miyezi ndinawonjezera delhezi yeniyeni, ndipo ulendo uno ndinagwada pagalasi kwa nthawi yaitali mpaka wogulitsa anandibweretsera mpando. Delhezi ndi ya ku Congo, imakula kuposa senegalus pang'ono, ndi yamanyazi, ndipo mizere yake imaoneka bwino pa mchenga woderako. Palmas ndi polli nazonso ndi za msinkhu woyenera mukazipeza. Palinso ina yaing'ono ya ku Congo imene akatswiri anailemba mu 2006 n'kuipatsa dzina loti mokelembembe, potengera chilombo cha m'nthano za kumeneko, komanso m'bale wawo wowonda ngati chingwe, Erpetoichthys calabaricus wa ku Nigeria ndi Cameroon, amene amadutsa pakati pa zomera osagwetsa tsamba.

Mukaphatikiza mabichir angapo, akhale a msinkhu wofanana. Wamkulu amameza wamng'ono popanda chidani chilichonse, amangoona chakudya.

Nsomba itakhala yoyenera, zomera nazo ndinazisankha mwatsopano. Timaudzu tating'ono tofunda pansi ngati kapeti ndinatisiya, chifukwa mizu yake ndi yosaya ndipo ngakhale senegalus imatitukula. Ndinatembenukira ku zomera zimene sizibzalidwa mumchenga n'komwe. Anubias, imene kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa komwe mabichir ambiri amachokera, ili ndi masamba olimba ndi tsinde lokwawa limene limawola mukalikwirira. Imeneyi mumaimangirira pa chitsa kapena pamwala ndi chingwe cha mbedza, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizu yake imagwira yokha mwamphamvu moti nsomba ingagunde bwanji siichoka. Chimodzimodzi Java fern, komanso Bolbitis heudelotii imene nayonso ndi ya muno mu Africa. Zitatuzi sizifuna kuwala kwambiri, zimene zikugwirizana ndi bichir, poti nayo imadana ndi getsi lowala kwambiri. Kumbuyo ndinabzala Vallisneria, udzu wautali ngati maliboni umene umameranso m'malo osaya a mchenga mu nyanja ya Malawi. Uwu umafuna mchenga, choncho tsinde lililonse ndinalizinga ndi timiyala tophwatalala, ndipo chachikulu n'chakuti ndinausiya milungu isanu ndi umodzi m'thanki mulibe nsomba, kuti uyale mizu. Kudikira kumeneko kunali kovuta, ana ankafunsa tsiku lililonse kuti nsomba zibwera liti, koma udzuwo sunazukepo kufikira lero.

Pansi ikani mchenga wosalala, osati miyala ya kwale kapena timiyala tating'ono. Bichir imameza chakudya mofulumira pamodzi ndi chilichonse chili pafupi, ndipo kamwala kakalowa m'mimba sikatuluka msanga. Ine ndinasefa mchenga wa mumtsinje ndi sefa ya ufa, n'kuutsuka m'ndowa kambirimbiri mpaka madzi atayera. Pankhani ya zitsa, ife a ku Zomba chimene chili pafupi ndi paini, koma paini ali ndi utomoni, musamuike m'madzi a nsomba. Tsanya wouma ndiye wabwino, ndi wolemera moti amamira yekha, ndipo sawola msanga. Ndinamuviika m'mgolo milungu itatu ndikusintha madzi, chifukwa poyamba amatulutsa mtundu ngati wa tiyi. Pamwamba pa madzi mutha kuika zomera zoyandama kuti zipereke mthunzi, koma musiye malo otseguka oti nsomba izitulutsirapo mutu popuma. Namasupuni yekha ayi. Tonse tikudziwa zimene wachita mu Shire, ndipo kachidutswa kamodzi kotayidwa mu ngalande n'kokwanira.

Tsopano ndinene chimene chimandipwetekabe mtima. Senegalus ndinagula ziwiri, koma lero ilipo imodzi. Thanki inali ndi chivindikiro chagalasi, koma pakona pamene pamadutsa paipi ya fyuluta yosefa madzi ndi waya wa hita yotenthetsa madzi panali mpata wolowa zala ziwiri. Ndinkauona tsiku lililonse n'kumati ndi waung'ono. Loweruka lina m'mawa mwana wanga wamkazi, amene anali mu sitandade 3 nthawi imeneyo, anabwera kuchipinda akuthamanga. "Adadi, nsomba ili kuseri kwa sofa!" Ndinaipeza pafupifupi mamita atatu kuchokera pathanki, thupi lonse fumbi, khungu litauma gwa. Panjira yonse imene inadutsa panali kamzere pasimenti. Ndinaitsuka m'beseni la madzi a m'thanki, n'kuigwira m'manja chapamwamba kuti ikafuna mpweya iupeze, ndinakhala choncho pafupifupi ola lathunthu mwanayo atagwada pambali panga. Sinadzuke. Mukapeza yanu pansi, yesanibe kuibwezera m'madzi osaya, chifukwa ikakhala kuti sinaume kwambiri imatsitsimuka, koma yathuyo inali itakhala panja usiku wonse.

Nsombazi zimayendadi pamtunda. Mu 2014, Emily Standen ndi anzake ku yunivesite ya McGill ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene analera ana a senegalus pamtunda wachinyontho kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, ndipo anapeza kuti anaphunzira kuyenda bwino kuposa anzawo okulira m'madzi, atadzutsa mutu, zipsepse zili pafupi ndi thupi. Kwa nsomba yotere, mpata wa zala ziwiri ndi khomo lotsegula. Tsekani mpata uliwonse ndi siponji, ndipo chivindikiro chikhale cholemera, chifukwa yaikulu imachikankha ndi mutu. Koma musadzaze madzi mpaka kukhudza chivindikirocho. Musiye masentimita 5 kapena kuposerapo a mpweya, poti bichir ikalephera kufika pa mpweya imavutika ngakhale ili m'madzi abwino.

Chinthu china chimene munthu wa ku Mangochi kapena ku Nsanje sangachiganizire kwambiri koma ife a ku Zomba sitingachithawe ndi kuzizira. Bichir imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Mu June ndi July, usiku wina magetsi atazima, themometa ya pathanki yanga inatsika kufika pa 18, ndipo nsomba zinangokhala duu, osadya masiku awiri. Hita ndi yofunika, ya mawati 200 kapena 300 pa thanki ngati yanga, ndipo ikhale ndi chotchingira chapulasitiki chifukwa nsombazi zimakonda kugona zitatsamira pa chinthu chofunda mpaka kupsa. Magetsi akazima nthawi yozizira ndimafunditsa thanki yonse ndi bulangete, n'kuwiritsa madzi pambaula, kuwathira m'mabotolo otseka bwino, n'kuwayandamitsa m'thankimo. Kumbuyo ndi m'mbali ndinamata zofewa zoyera zimene zimabwera m'makatoni a mafiriji. Ubwino wake ndi woti pankhani ya mpweya bichir siidandaula pampu ikaima, mapapo aja amaipulumutsa. Chimene chimavutika ndi tizilombo tabwino ta m'fyuluta timene timayeretsa madzi, choncho magetsi akakhalitsa osayaka sindidyetsa nsomba tsiku limenelo, ndipo akayaka ndimasinthako madzi pang'ono. Madzi a pampopi ali ndi klorini. Ndimawatunga m'mgolo n'kuwasiya masiku awiri, kapena kuthira mankhwala ochotsa klorini ndikakhala nawo, ndipo sabata iliyonse ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a m'thanki n'kuthiramo atsopano ofunda mofanana.

Zakudya sizivuta kuno. Nyongolotsi za padzala la manyowa, pamene sipanathiridwe mankhwala, ndizo zimakonda koposa. Ndimadulanso tizidutswa ta chambo kapena makumba aawisi opanda minga, ndipo mvula yoyamba ikagwa ana amatolera ngumbi, zina n'kupatsako nsomba. Zakudya za m'sitolo zikhale zomira, chifukwa zoyandama siziziona msanga. Zazikulu ndimazidyetsa katatu pasabata, madzulo, pamalo amodzi omwewo pakona yopanda zomera, ndipo ichi chokha chinachepetsa kwambiri kufukula m'mizu. Matemba amoyo a kunyanja sindipatsa, amabwera ndi matenda. Bichir yatsopano nayo imayamba yakhala payokha mwezi wathunthu, chifukwa zogwidwa m'mitsinje nthawi zina zimabwera ndi tinyongolotsi tooneka ngati tsitsi pakhungu.

Za nsomba zokhala nazo limodzi ndinene mwachidule. Chilichonse chokwana m'kamwa mwake chidzalowa, ngakhale patapita miyezi zikukhala mwamtendere. Ma guppy anga, tinsomba ting'onoting'ono, anatha mmodzimmodzi usiku. Mbuna zathu, ngakhale ndi zokongola ndipo ndi zosavuta kupeza, n'zaukali, zimalanda chakudya bichir isanachinunkhize, ndipo zimafukula zomera. Pleco, imene anthu amagula kuti izinyambita ndere pagalasi, nthawi zina imakakamira pamsana pa bichir n'kumayamwa mamina a pakhungu mpaka chilonda. Zimene zimagwirizana nayo ndi monga Congo tetra zokula kale, Ctenopoma, ndi Synodontis zazikulu, za m'banja limodzi ndi nkholokolo zathu.

Panopa m'thanki muli senegalus imodzi ndi delhezi imodzi. Anubias wakuta chitsa cha tsanya chonse moti mtengowo suonekanso, ndipo chaka chatha anatulutsa duwa loyera pansi pa madzi. Vallisneria ndimachita kumudula mwezi uliwonse n'kugawirako anzanga. Madzulo ndikazimitsa getsi lalikulu, delhezi imatulutsa kaye timphuno take pansi pa masamba, kenako mutu, kenako n'kuyamba kuyenda pamchenga pang'onopang'ono kulowera pakona ya chakudya. Mwana wanga uja tsopano ndi wamkulupo, ndipo anadzipatsa yekha ntchito imene palibe anamutuma. Asanakagone amapita kuseri kwa thanki, n'kukanikiza siponji ya pakona ija ndi chala kuti aone ngati ili m'malo mwake.